Lipoti: kusewera kapena kusasewera, ligi ya achinyamata ya m'dera pa nthawi ya Covid-19

Ndine clinical officer pa chipatala china chaching'ono mumzinda wa Blantyre. Kumapeto kwa sabata ndimathandiza za umoyo mu ligi ya achinyamata ya m'dera lathu, ya mpira wamiyendo wa anyamata ndi wamanja wa atsikana. Masiku abwinobwino ntchito yanga kumeneko ndi ya mabandeji, akakolo obinya ndi ana okomoka ndi dzuwa. Lipotili likunena za ntchito ina imene inandigwera mu 2020, yolangiza komiti ngati ana abwerere pabwalo, ndipo ngati abwerera, abwerere motani. Sinditchula ligi, matimu kapena osewera.

Mmene zinthu zinalili

Pa 20 Marichi 2020 Pulezidenti Peter Mutharika analengeza kuti dziko lili pa ngozi. Sukulu zinatsekedwa pa 23 Marichi ndipo kusonkhana anthu oposa 100 kunaletsedwa. Apa n'kuti m'dziko muno musanapezeke wodwala ndi mmodzi yemwe, poti atatu oyamba analengezedwa pa 2 Epulo. Mpira unaima ponseponse, kuyambira TNM Super League imene inali pafupi kuyamba mpaka ligi yathu, ndipo panalibe wotsutsa. Za ku Italy zinali zitatifika. Pa 19 Febuluwale anthu pafupifupi 40,000 a ku Bergamo anapita ku Milan kukachemerera timu yawo ya Atalanta pokumana ndi Valencia ya ku Spain, ndipo patangotha masabata ochepa Bergamo inali pakati pa malo amene maliro anachuluka kwambiri. Valencia nayo inalengeza kuti pafupifupi 35 mwa 100 alionse a osewera ndi ogwira ntchito ake apezeka ndi kachilombo. Womva zimenezi ankangoti mpira ndiwo wapha anthu.

Miyezi inapita. M'bindikiro wa masiku 21 unaimitsidwa ndi khoti mu Epulo, misika inali yodzaza, ndipo kampeni ya chisankho cha pa 23 Juni inasonkhanitsa chinamtindi cha anthu. Ana okha ndiwo anatsala opanda sukulu komanso opanda bwalo. Sukulu zitayamba kutsegulidwa mu Sepitembala ndi Okutobala, n'kumvekanso kuti Super League iyamba kumapeto kwa Novembala, komiti inandiitana.

Wapampando, bambo wachikulire amene anasewerapo mpira kale, sanazungulire. "Adokotala, tiuzeni chimodzi basi. Mpira umapatsirana matendawa kapena ayi?"

Ndinawayankha kuti, "Bambo, tsiku la mpira si mpira wokhawokha. Tiyeni tiliyale lonse, kuyambira pamene mwana akuchoka pakhomo mpaka pamene akukagona."

Umu ndimo tinaigwirira. Chigawo chilichonse cha tsikulo tinachifunsa mafunso omwewo: ndi panja kapena m'kati, anthu ayandikana motani, kwa nthawi yaitali bwanji, ndipo ali chete kapena akufuula ndi kuimba. Kachilomboka kamayenda m'mpweya umene munthu wapuma. Pamene mphepo ikuomba, mpweyawo umamwazika. Pamene patsekeka, umaunjikana ndipo aliyense amapuma wa mnzake.

Pabwalo penipeni

Bwalo la mpira wamiyendo la muyezo wake ndi mamita 105 m'litali ndi 68 m'lifupi. Mukagawira osewera 22, aliyense ali ndi malo oposa masikweya mita 300. Amagundana, amakokana majezi pa kona, koma kuyandikanako ndi kwa masekondi ochepa. Akatswiri a pa yunivesite ya Aarhus ku Denmark anatsata kayendedwe ka osewera a ligi ya kwawo n'kupeza kuti pakakhala wodwala mmodzi pabwalo, wosewera wina amakhala naye pafupi, mosapitirira mita imodzi ndi theka, kwa nthawi yokwana pafupifupi mphindi imodzi ndi theka pa masewero onse. Ife kuchipatala potsata okhudzana ndi wodwala tinkafuna munthu amene anakhala naye pafupi, mosapitirira mita imodzi, kwa mphindi 15 kapena kuposa. Kafukufuku wina wa ku China anaunika malo 318 amene matendawa anabuka n'kugwira anthu atatu kapena kuposa, ndipo onse anali a m'kati, osati apanja.

Mpira wamanja unandipatsa maganizo ochulukirapo. Bwalo lake ndi mamita 30.5 m'litali ndi 15.25 m'lifupi, osewera 14, kutanthauza malo ochepa pafupifupi kakhumi poyerekeza ndi a anyamata. Kuonjezera apo wotchinga amaima maso ndi maso ndi womwetsa, pa mtunda wa mamita 0.9, onse ali wefuwefu, ndipo zimachitika mobwerezabwereza. Bungwe la England Netball linali litasintha malamulo ake chaka chomwecho, kutalikitsa mtunda wotchingira kufika pafupifupi mamita 1.2 ndi kuchotsa kuponya mpira m'mwamba pakati pa osewera awiri oyang'anizana. Tinatengera zimenezo. Komabe ngakhale mpira wamanja ndinauika m'gulu la zoopsa pang'ono, malinga ukuseweredwa panja.

Za mpira weniweniwo, kuti ungatenge kachilombo kuchoka m'manja mwa uyu kupita kwa uyo, anthu ankaziopa kwambiri ndipo ankafuna uzipukutidwa ndi jiki mphindi iliyonse. Sindinakane kuupukuta pa nthawi yopumulira, koma ndinawauza kuti mphamvu zathu zisathere pamenepo.

Pamene panali ngozi

Timu yathu ikamakasewera kutali inkabwereka minibasi. Amene sanakwerepo ndi timu ya m'dera sangaone bwino chimene ndikunena. Minibasi ya mipando 16 imanyamula timu yonse, aphunzitsi, chikwama cha majezi ndi masapota angapo okhala pamiyendo pa anzawo. Mawindo ena sanatsegukepo chigulireni galimotoyo, ena amatsekedwa dala chifukwa cha fumbi. Ndipo timu siyenda chete. Nyimbo imayamba galimoto isanachoke pa siteji, wotsogolera nyimbo atatembenukira kumbuyo, akuimbira pamaso pa anzake, ena akumenya denga. Pobwerera, akapambana, ndiye zimanyanya: matupi a thukuta, mawu osasa, mawindo atachita nthunzi. Ola lathunthu.

Ndinawafotokozera a komiti za basi ya ku Ningbo, ku China. Mu Januwale 2020 mabasi awiri anapita ku mwambo wachipembedzo umene mbali yaikulu unachitikira panja. M'basi imodzi munali anthu 68, mmodzi mwa iwo ali ndi kachilombo, ndipo anthu ena 23 anatenga, ngakhale okhala kutali naye. M'basi inayo, ya anthu 60, simunapezeke ndi mmodzi yemwe. Mwambo unali umodzi, ulendo wake wa mphindi pafupifupi 100 kupita ndi kubwera. Nditamaliza, msungichuma anati, "Ndiye kuti ife takhala tikuopa bwalo pamene chilombo chili m'minibasi." Nkhani ya Bergamo nayo ndinaiyalanso chimodzimodzi. Anthu 40,000 aja sanangoima m'bwalo. Anathithikana m'mabasi ndi m'masitima, anadya ndi kumwa m'malo otsekeka, ndipo otsala kwawo anaunjikana m'nyumba ndi m'mabala kuonera pa kanema.

Chachiwiri chinali chipinda chovalira, chimene kwathu ndi kalasi yobwereka pasukulu yapafupi, chitseko chotseka kuti otsutsana nawo asamve mapulani. Chachitatu, kugona pamodzi usiku woti mawa kuli masewero akuluakulu, anyamata onse pa mikeka m'chipinda chimodzi. Chachinayi, chigubu cha madzi ndi kapu imodzi yoyenda pakamwa pa aliyense. Chachisanu sichinali cha ligi n'komwe: kanyumba ka vidiyo sho kumene anyamata omwewo amakathera madzulo kuonera ligi ya ku England, kopanda windo, anthu mapewa kugundana, kukuwa chigoli chilichonse.

Mbali ina ya sikelo

Kusasewera nakonso kunali ndi mtengo wake, ndipo ndinaumirira kuti ulembedwe. Kafukufuku wa boma anapeza kuti m'miyezi imene sukulu zinali zotseka atsikana pafupifupi 40,000 anatenga mimba ndipo maukwati a ana anafika pafupifupi 13,000. Sindikunena kuti mpira wamanja ukanaletsa zonsezi. Koma ku sikelo ya amayi oyembekezera ndinalandira atsikana amene ndinkawadziwira pabwalo, ndipo zinandipweteka. Mtsikana amene ali mu timu amakhala ndi munthu wamkulu womufunsa kuti dzulo unali kuti.

Anyamata sanasiye n'komwe kusewera. Ankakumana kudambo, kubetcherana ndalama, opanda woimbira, opanda wamkulu, wodwala ndi wabwino osasiyanitsidwa. Choncho chisankho chathu sichinali pakati pa mpira ndi kusowa mpira. Chinali pakati pa mpira woyang'aniridwa ndi mpira wa kudambo.

Funso lina linali lakuti ngozi imeneyi ikugwera ndani. Wachinyamata wathanzi kawirikawiri amadwala pang'ono n'kuchira. Amene ankagonekedwa ndi kumwalira anali achikulire ndi odwala shuga, BP, mtima ndi zina zotero. Ana athu ambiri amakhala ndi agogo, ena amagona nawo chipinda chimodzi, ndipo agogowo sanafunsidwe ngati akulola. Pa chifukwa chimenechi tinaitana makolo tisanayambe, ndipo mwana aliyense tinamufunsa amene amakhala naye pakhomo. Mphunzitsi wina amene amamwa mankhwala a shuga ndinamupempha kuti asiye kuyenda ndi timu. Zinamuwawa. Anati, "Achimwene, ana amenewa ndinawayamba ali opanda nsapato, lero mundichotse?" Tinagwirizana kuti aziima patali, panja, atavala masiki, ndipo zoyankhula ndi osewera pa nthawi yopumulira azichita wothandizira wake.

Chimene tinagamula

Ndinalangiza kuti asewere, koma tsiku la mpira lidulidwe kutsale mpira wokha. Ndandanda inakonzedwanso kuti matimu azikumana ndi oyandikana nawo, kofikika wapansi kapena pa njinga. Kumene galimoto inali yosapeweka tinasankha lole yotsegula kumbuyo poyenda pang'onopang'ono m'misewu ya m'dera, ndipo apa ndinachita kunena poyera kuti tikusinthanitsa ngozi ya mpweya ndi ngozi ya pamsewu, kotero maulendo otere akhale ochepa zedi. Osewera azifika atavala kale. Mapulani azikambidwa pansi pa mtengo. Kugona pamodzi kunathetsedwa, ngakhale ena anadandaula kuti anyamata akagona kwawo sasungika. Aliyense azibwera ndi botolo lake la madzi lolembedwa dzina. Jezi imene wavula wa timu ya ana isavalidwe ndi wamkulu isanachapidwe. Pakhale chidebe cha mpopi ndi sopo polowera. Masiki azivala a pabenchi ndi akuluakulu, osati amene akuthamanga, poti ikanyowa ndi thukuta imalepheretsa kupuma, ndipo WHO nayo sinkalimbikitsa kuvala masiki pochita masewero olimba.

Bundesliga ya ku Germany inayambiranso pa 16 Meyi 2020 poyeza osewera mobwerezabwereza. Ife tinalibe ndalama kapena zipangizo zotero. Chida chathu chinali kufunsa ndi kaundula. Asanalowe pabwalo, aliyense ankafunsidwa za kutentha thupi, chifuwa, zilonda zapakhosi, kusamva fungo kapena kukoma kwa chakudya, ndiponso ngati kunyumba kuli wodwala. Njirayi ndi yobowoka, ndipo ndinawauza choncho: munthu amayamba kupatsira ena tsiku limodzi kapena awiri zizindikiro zisanaoneke, ndipo ena sadwala n'komwe. N'chifukwa chake kudula minibasi ndi chipinda kunali kofunika kuposa kufunsa. Tinaonjezera lamulo lakuti wodzinenera yekha kuti sakupeza bwino malo ake mu timu amusungira. Popanda lonjezo limeneli mnyamata wolimbirana nambala sanganene kuti akutsokomola.

Zimene zinativuta ndi ziwiri. Bwalo lathu lilibe mpanda, ndiye oonerera sungawawerenge kapena kuwabweza. Tinangomanga chingwe kutalikitsa anthu ndi benchi, n'kusiya kulengeza masewero pa chimkuzamawu. Chinacho ndi chisangalalo cha chigoli. Palibe lamulo limene lingaletse ana kukumbatirana chigoli chikalowa mphindi yomaliza, ndipo poti ndi panja komanso kwa masekondi ochepa, sindinalimbane nazo kwambiri.

Januwale 2021

Funde lachiwiri la matendawa litafika, ndinalangiza kuti tiime, ndipo ndinalangiza malamulo atsopano a boma asanalengezedwe. Pa 12 Januwale nduna ziwiri, a Sidik Mia ndi a Lingson Belekanyama, zinamwalira tsiku limodzi, ndipo Pulezidenti Lazarus Chakwera analengeza kuti dziko lili pa ngozi. Zipatala zazikulu zinadzaza, mpweya wa okosijeni unkasowa, mpaka bwalo la Bingu ku Lilongwe ndi nyumba ya boma ya ku Zomba zinasandutsidwa malo ogonekapo odwala.

A komiti ena anadabwa. "Si inu nomwe munati pabwalo ndi pabwino?" Pabwalo panali pasanasinthe. Chimene chinasintha ndi kuchuluka kwa odwala m'dera. Odwala akakhala ochepa, mwayi woti pakati pa ana 30 osonkhana pali wina wonyamula kachilombo ndi wochepa, ndipo mipata yaing'ono imene malamulo athu amasiya sivulaza. Akachuluka, pafupifupi gulu lililonse limakhala ndi mmodzi, ndipo mipata yomweyo imakhala makomo. Komanso mpira uli ndi ngozi zake zakale. Mwana wothyoka mwendo amafunika kupita ku chipatala chachikulu, kukakhala pa mzere ndi otsokomola, womudikirira wake ali pambali, n'kutenga nthawi ya anamwino amene anali atatheratu mphamvu, ambiri mwa iwo akudwala. Sindinaone chifukwa chowaonjezera katundu. Tinasiya masewero a ligi koma tinalola kuthamanga ndi kuponyerana mpira m'timagulu tating'ono ta ana a mudzi umodzi, kuti asabwerere kudambo.

Wosewera amene anadwala

M'nyengo yomweyo mnyamata wina wosewera pakati, wa zaka za m'ma 20, anapezeka ndi kachilombo. Potsata, zinaoneka kuti anatengera kunyumba, kumene wachibale anayamba kudwala atabwera ku maliro. Mwa anzake a timu amene anathamanga naye masiku amenewo palibe anaonetsa zizindikiro, ngakhale sitinathe kuwayeza onse. Anatentha thupi masiku ochepa n'kuchira, ndipo anafuna kubwerera pompo.

Ndinatsata ndondomeko imene madokotala a zamasewero a ku Britain anafalitsa mu 2020: kupuma masiku osachepera 10 kuchokera pamene zizindikiro zinayamba, kukhala masiku 7 opanda chizindikiro chilichonse, kenako kukwera pang'onopang'ono, kuyambira kuyenda ndawala ndi kuthamanga mopepuka kwa mphindi 15 mpaka kufika pa masewero enieni. Chimene tinkaopa ndi kutupa kwa mnofu wa mtima, kumene kungagwetse munthu mwadzidzidzi ali pa liwiro. Atayamba kuthamanga, ndinamugwira pamkono atapuma kwa mphindi zingapo, n'kupeza mtima ukugundabe mothamanga kuposa mmene ndinkamudziwira. Nditamufunsa mofatsa anavomera kuti pachifuwa pakumuthina akakwera kamtunda. Ndinamuimitsa n'kumutumiza kukajambulitsa kagundidwe ka mtima (ECG). Zotsatira zinali zabwino, anapumanso, n'kuyambiranso pa gawo loyamba, ndipo ulendo uno sanamve kanthu. Kafukufuku wa ku America amene anatuluka mu Marichi 2021 anapeza vuto la mtima mwa osewera 5 okha pa 789 amene anadwalapo Covid-19. Ndi ochepa, koma pabwalo lathu palibe ambulansi kapena makina odzutsira mtima, ndiye wodandaula pachifuwa, phuma losadziwika bwino kapena chizungulire sindimulola kupitiriza.

Zimene zinadziwika pambuyo pake

Katemera woyamba, wa AstraZeneca wokwana 360,000, anafika pa 5 Marichi 2021 kudzera ku COVAX, ndondomeko ya padziko lonse yogawira maiko katemera. Odwala atachepa tinayambiranso ndi malamulo omwe aja, ndipo ntchito yanga yaikulu inakhala kunyengerera aphunzitsi, a komiti ndi agogo a osewera kuti akabayitse, chifukwa iwowo ndiwo tinkawateteza kuyambira pachiyambi. Funde lachitatu la pakati pa 2021 tinaliyeza ndi muyezo womwewo wa Januwale.

Umboni wa kunja unadzagwirizana ndi zimene tinasankha. Ofufuza a ku Germany anaunika masewero ndi zokonzekera zokwana 1,247 mmene munali osewera 165 amene akanatha kupatsira anzawo, ndipo sanapeze umboni woti wina anatengera pabwalo. Ku Scotland, a zaumoyo analumikiza odwala 1,991 ndi mpikisano wa Euro 2020. Mwa iwo 1,294 anapita ku London pa masewero a pa 18 Juni 2021 ndi England, koma amene analowa m'bwalo la Wembley anali 397 okha. 

Ngakhale Flames inakumana nazo. Itachita zokonzekera ku Saudi Arabia, pa nthawi imene mtundu wa kachilombo wa Omicron unali pa liwiro, inafika pa AFCON ku Cameroon mu Januwale 2022 osewera angapo ndi mphunzitsi Mario Marinica atapezeka ndi kachilombo. Pa 10 Januwale inakumana ndi Guinea motsogozedwa ndi Meck Mwase, benchi ili pafupifupi yopanda anthu, n'kugonja 1-0. Lamulo la CAF linali lakuti timu yokhala ndi osewera 11 isewere basi, ngakhale popanda goloboyi, ndipo Comoros inachita kuika wotchinga kumbuyo, Chaker Alhadhur, pagolo pokumana ndi Cameroon. Timu ya dziko imakhala hotela imodzi, kudyera chipinda chimodzi, kukwera basi ndi ndege limodzi kwa masabata. Kuyeza pafupipafupi kumapeza odwala, koma sikusintha mpweya umene akupumirana. Odwala atabwerera, Flames inagonjetsa Zimbabwe 2-1 ndi zigoli za Gabadinho Mhango, inafanana mphamvu ndi Senegal 0-0, n'kufika mu ndime ya matimu 16 kumene inagonja 2-1 kwa Morocco.

Ndondomeko yathu inayesedwanso kolera itabuka mu 2022, mpaka sukulu za ku Blantyre ndi Lilongwe zinachedwa kutsegulira mu Januwale 2023. A komiti anatulutsa pepala lakale lija kuti angolitsata, koma ndinawapempha kuti tiyalenso tsiku lonse, poti kolera siyenda m'mpweya. Minibasi ndi chipinda chovalira zinatsika pa mndandanda. Pamwamba panabwera chigubu cha madzi otungidwa pachitsime chapafupi, mafiriziizi ndi zipatso zosenda kale zogulitsidwa m'mbali mwa bwalo, ndi chimbudzi chimodzi cha pasukulu chopanda posambira m'manja. Madzi a osewera tinayamba kuthira klorini kapena kuwiritsa kunyumba, m'chikwama changa munalowa mapaketi a Thanzi ORS, ndipo mwana aliyense wotsegula m'mimba ankapita kuchipatala tsiku lomwelo, osati pabenchi.